Achemwali Ayamba Kuyamikira Buku Langa

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pazenera, zenera lake losatsekeka, ndiye mwera ukungolowa ngati kwawo. Pa khadi alemba: Fanny Kalimbira, zaka 62, wa ku Chipoka, mphunzitsi wopuma. Sikelo yati makilo 46. Magazi akuti ali pa 7, ochepa kwambiri. Andiika diripi kudzanja lamanzere, mwamwayi, chifukwa lamanjali ndikulifuna.

Vuto ndi lomwe lija: chakudya sichikutsika. Chiyambire Isitala ndakhala ndikumwa phala lokha, tsopano phalalonso layamba kubwerera. Mwezi watha ku Lilongwe anandilowetsa kapaipi ka kamera kummero n'kudulako kanyama koti akapime. Zotsatira mpaka lero zii. M'mawa uno ndinagwa ndikuyanika zovala, n'chifukwa chake ndili pano.

Gadiyani wanga ndi achemwali anga aakulu, a Pauline, aja a geni ya usipa. Abwera ndi mphasa, ndowa, mbaula ndi pakamwa pawo. Asanakhale n'komwe pansi anali atanena kale kuti chitenje ndavalachi n'chosachapa bwino, ndiponso kuti ndikanawamvera iwo kalekale sitikanafika pano.

Ine ndabwera ndi buku langa.

Lachiwiri, 4 Juni

Botolo limodzi la magazi, latha masana. Jakisoni woletsa kusanza. Phala masipuni asanu, atatu akhazikika.

Ndilembe za bukuli, poti ndi limene likundisowetsa mtendere kuposa mmerowu. Ndi la ana a Sitandade 3 ndi 4, lotayipidwa kale, mutu wake Nyama Zenizeni za ku Kuti. Chaka changa chomaliza cha uphunzitsi ndinapita ndi ana kumalo osungirako nyama aja a ku Kuti, pafupi ndi tauni. Kamtsikana kena kanayang'anitsitsa mbidzi nthawi yaitali, kenaka n'kundifunsa kuti, "Madamu, nanga bwanji sizikuyankhula?" Mwana wobadwira ku Salima konkuno, nyama amazidziwira m'nthano basi. Ndinapsa mtima, osati ndi mwanayo. Nditafika kunyumba ndinayamba kulemba: mbidzi imadya chiyani, imabereka bwanji, kadyansonga amamwa madzi motani. Zoona zokhazokha, popanda nyama yovala jekete.

Chrispin, amene ndinamuphunzitsa Sitandade 5, tsopano ali m'kagulu kosindikiza timabuku ta m'malaibulale a sukulu. Analiwerenga. Akuti njira zilipo ziwiri. Ndikalipereka mwezi uno, alisindikiza chaka chino mmene lililimu. Ndikafuna kulikonza bwinobwino, lidikire ulendo wa chaka chamawa. "Apatseniko anthu awerenge, Madamu, mumve maganizo awo, kenaka musankhe."

Chabwino. Anthu ndi awa adzaza wodi, ndipo alibe kothawira.

Lachitatu, 5 Juni

Ndinayamba ndi achemwali. Anawerenga atakhala pamphasa, magalasi anga pamphuno pawo, chala chikutsata mzere. Pa tsamba lachitatu anayasamula mokweza mpaka wodwala wa pakona anatembenuka.

"Ili ndi buku kapena mayeso?" anatero. "Tsamba lonse ukungotchula makilo a mbidzi. Mwanayo akufuna kuigula?"

Ndinati zimenezo ndi mfundo zoona.

"Zoona zotopetsa. Ndipo chithunzi ichi ndi bulu. Wajambula ndani?"

Ndajambula ndine. Akudziwa bwino lomwe.

Ndinawalanda bukulo. Chibadwire changa munthuyu sanayamikirepo kanthu kanga. Tsiku la ukwati wanga anati diresi landifupikitsa. Nditakhoza mayeso a uphunzitsi anati chaka chimenecho anakhozetsa aliyense. Mtima unandiwawa mpaka madzulo. Koma atapita kukaphika ndinatenga pensulo, ndipo makilo ena ndawachotsa. Sindiwauza.

Adokotala a wodi ino ndi a Anwar, mnyamata waulemu, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa. Andigwiragwira pamimba, andiyang'ana m'maso, akuti aimbira ku Lilongwe kufunsa zotsatira. Diripi ina. Madzi akumwa akutsika ndikamamwa pang'onopang'ono, nditakhala tsonga.

Lachinayi, 6 Juni

Sindinasanze. Phala la soya, theka la kapu. Jakisoni yemweyo.

Bedi la kumanja kwanga kuli mayi Tausi, a ku Senga Bay, achisilamu, okulirapo pang'ono kuposa ine. Matenda a shuga anawaboola phazi, ndiye m'mawa uliwonse anamwino a Maria amabwera kudzatsuka balalo. Iwo amangoluma mpango n'kumati "Yaa Allah" motsitsa, akamaliza n'kuyamba kufunsa za aliyense. Maso awo saona bwino, choncho ndinawawerengera mokweza, ndi mawu anga osasa omwewa.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Mwamaliza, aphunzitsi? Nanga phunziro lake?"

Ndinafunsa kuti phunziro lanji.

"Buku la ana limatha ndi phunziro. Mbidzi inaba chimanga, inagwidwa, ana inu musamabe. Basi, mwana wapindula."

Ndinati mbidzi za m'buku langa siziba.

"Ndiye mwazilemberanji?"

Abale inu. Zaka zitatu ndikulemba. Apo gadiyani wina wa pakona analowererapo, osafunsidwa, kuti bola ndikanalemba m'Chingerezi ana azikhoza mayeso. Wina anati mulibe vesi. Wina anafunsa ngati nyama ya mbidzi imadyedwa. Aliyense ali ndi buku lake m'mutu limene akufuna ndimulembere ine.

Koma madzulo mayi Tausi anandiitananso. "Paja mwana wa mbidzi wangobadwa, mayi wake n'kumupatula kwa zinzake kuti azolowere mizere yake, asadzasochere. Werenganinso pamenepo." Ndinawerenga. Anati, "Apo pokha ndiye munalemba ngati munthu. Kwinako munalemba ngati boma."

Lachisanu, 7 Juni

Kwabwera amayi a Chigwirizano a kutchalitchi kwathu, mabulauzi oyera mbee. Abweretsa chinangwa chophika, mbatata, mtedza wokazinga ndi chambo chowamba. Kubweretsera munthu wosameza ngakhale phala. Ndinathokoza, achemwali n'kulongedza zonse pansi pa bedi, ndipo fungo la chambocho landizunza tsiku lonse.

Atatha kuimba ndi kupemphera ndinawapatsa buku kuti aone. Linayenda m'manja mwa onse osatsegulidwa bwino. Mmodzi analigwira mozondoka. "Ndi labwino zedi, Madamu." "Mulungu anakupatsani mphatso." "Ana adzasangalala." Ndinafunsa kuti pawasangalatsa ndi pati. Anati ponseponse.

Sindikuwada. Mwambo wake ndikuudziwa, ndakulira momwemo: wodwala sakhumudwitsidwa. Ukapita kukazonda munthu umamuuza kuti akuoneka bwino ngakhale maso atalowa m'kati. Kumudzi kukagwa maliro amamubisira mpaka adzadzuke. Nkhani yowawa imayamba yazungulira abale onse, mwini wake n'kumva pomaliza, mwinanso osamva n'komwe. Akuti ndi chifundo. Koma ine chifundo chimenecho ndichita nacho chiyani pa tsamba lachitatu?

Ndiye owerenga oona ndili nawo awiri basi: mayi Tausi, poti nawonso ndi wodwala ndipo sandiopa, ndi achemwali, poti mwambo umenewu unawadumpha. Alendo atangotuluka anati, "Akunamizatu amenewo." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ndimangofuna utsimikize."

Lamulungu, 9 Juni

Dzulo sindinalembe. Kusanza, ndi magazi pang'ono. Pachifuwa pakuwawa ngati ndameza mwala. Diripi aisamutsira kudzanja lamanja, msempha wa kumanzere watupa. Kulemba kukuvuta. Zotsatira zii.

Lachiwiri, 11 Juni

Botolo lachiwiri la magazi. Akuti afika pa 9. Sikelo makilo 45. Andiyambitsa chiponde, chija amapatsa ana onyentchera, chosungunulira m'madzi ofunda. Chikutsika.

Mphamvu zabwererako, umboni wake ndi woti takangana ndi achemwali. Akuti ndinayamba ndi zotopetsa, zosangalatsa n'kuzibisa kumapeto, monga paja kadyansonga akutambasulira miyendo m'mbali kuti khosi lifike pamadzi. "Pamsika usipa wonona umauika pamwamba pa mulu. Iwe waika mitu pamwamba." Ndinati buku si mulu wa usipa. Anati n'chifukwa chake usipa umagulidwa. Mayi Tausi anaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona ngati kwagwa munthu.

Chowawa n'choti akunena zoona. Ndawauza kuti mtima wanga ukupendekera ku chaka chamawa. Ndilikonze lonse, ndiyambe ndi mwana wa mbidzi uja, ndipeze wojambula weniweni. Achemwali anati, "Ngakhale zaka ziwiri. Mmene lililimu ndi lokulungira mandasi."

Chrispin waimba kudzandizonda pafoni. Akufuna yankho pofika Lachisanu la sabata yamawa, pa 21.

Lachitatu, 12 Juni

Pa raundi ya m'mawa a Anwar anatsegula fayilo yanga, anawerenga kapepala kena katsopano, n'kutseka msanga. Anandifunsa ngati ndagona bwino. Kenaka anati, "Gadiyani ali kuti?"

Ndinati mmero wodwalawo ndi wanga, wa gadiyani uli bwinobwino. Anamwetulira, koma anawatengabe achemwali kupita nawo kukaofesi ka kumapeto kwa khonde.

Anakhalako nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba. Pobwera maso ali psuu. Akuti ndi utsi wa kukhitchini ya magadiyani. Kuofesi kwa dokotala kuli mbaula?

"Akuti chiyani?"

"Akuti uzidya."

"Zotsatira zabwera?"

"Akuti akuzionabe." Anayamba kupinda zitenje zopinda kale.

Madzulo, popanda kuwapempha, anatenga buku pa kabati, anavala magalasi, anatsegulatsegula. Ndinakonzeka kumva za mandasi. Anati, "Komatu bukuli ndi labwino, Fanny."

Ndinawayang'ana. Iwo anayang'ana bukulo.

Lachinayi, 13 Juni

Ayamikiranso. Lero akuti chithunzi chija si bulu ayi, anangochionera patali. Akuti makilo a mbidzi ndi ofunika, ana adziwe. Andisambitsa mapazi, andidzoza mafuta, anditchula "mng'ono wanga", mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo chimwalirire amayi athu.

Zandikwana. Ndikufuna achemwali anga abwerere, awa sindikuwadziwa.

Ndinadikira adokotala kuti ndiwafunse ndekha. Kwabwera wina wongodutsa, wophunzira, akuti a Anwar apita kumsonkhano, abwera Lachiwiri. Ndinafunsa anamwino a Maria. Anakonza diripi imene inali bwinobwino, n'kunena kuti, "Zimenezo ndi za adokotala ndi abale, amayi. Achemwali anu anapempha kuti tidikire mwinimbumba."

Mwinimbumba. Ndiye kuti achimwene a Fletcher, mlongo wathu wa ku Maganga, amene kwathu nkhani iliyonse yaikulu ya ife alongo ake ndi ana athu iyenera kudzera kwa iwo. Ndaphunzitsa ana a anthu mpaka imvi, nyumba ndinamanga ndekha mwamuna atamwalira, koma za kummero kwanga ayambe wamva ndi munthu amene panopa ali m'dimba kumweta mpunga.

Ndili ndi mantha. Ndalemba kamodzi, sindibwerezanso.

Lachisanu, 14 Juni

Mankhwala atsopano, amadzi, m'kabotolo, kumwa maola anayi aliwonse. A Maria akuti ndi oletsa ululu chabe. Kuwerenga ndimatha: mofini. Ululu watsikadi. Awonjezera ena ofewetsa m'mimba, ophwanyira m'madzi.

Ndinaganiza zowayesa achemwali, monga ndinkayesera ana ogona m'kalasi. Ndinati ndalemba tsamba latsopano, amvetsere. Ndinatsegula buku n'kuyamba kupeka pamtima: kuti mbidzi imaikira mazira pamwamba pa mlambe, imawafungatira mwezi wathunthu, ana akaswa amatsika ndi chingwe.

Anagwedeza mutu. "Walemba bwino. Zomveka."

Mayi Tausi anadzifunditsa mpango kumaso, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati ankaseka.

Ndinati, "Achemwali, mbidzi imaikira mazira?"

Anadzidzimuka. "Ukudziwa ndiwe, ndiwe mphunzitsi." Anatenga ndowa yodzaza kale n'kupita kukatunga madzi.

Munthu amene anapeza cholakwa pa diresi langa la ukwati walola mbidzi kukwera mlambe. Palibenso chobisika apa, komabe ndikufuna wina andiuze ndi pakamwa pake. Chrispin sindingamuyankhe ndi zongoganizira. Ngati chaka chamawa ndili nacho, bukuli lidikire, lituluke labwino. Ngati ndilibe, lipite mmene lililimu. Funso lake ndi lomwelo basi, ndipo wodi yonse ikundizemba nalo.

Loweruka, 15 Juni

Mayi Tausi atuluka. Bala lauma mokwanira, ndipo akhala akuvutitsa anamwino sabata yonse kuti Idi isawapeze m'chipatala. "Alhamdulillah," anatero, mwana wawo akumanga katundu. Mwana wawoyo amaphika khitchini imodzi ndi achemwali, ndipo kuyambira Lachitatu amandipatsa moni atagwada, mawu otsika. Ndiye kuti kukhitchini konse akudziwa. Ogulitsa nthochi pageti mwina akudziwanso.

Ndinawagwira dzanja mayi Tausi. "Inu simunandinamizepo. Mwamva chiyani?"

Anati, "Wallahi, aphunzitsi, nkhaniyi mwini wake si ine. Ndikakuuzani ine, achemwali anu ndawalanda chawo. Afinyeni iwowo. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Ndinati mnansi wangayo wasiya kutsina.

"Zala zikumuwawa," anatero. Atafika pakhomo anatembenuka pa ndodo yawo. "Phunziro lija muikemo ndithu."

Sindiikamo. Pabedi lawo agonekapo kale mtsikana wa malungo amene sayankhula ndi munthu.

Lamulungu, 16 Juni

Achimwene a Fletcher afika pa njinga, jekete la kutchalitchi, kathumba ka mpunga watsopano kumbuyo. Mpunga. Anandipatsa moni mwachidule, kenaka anatuluka ndi achemwali kukakhala pansi pa mtengo wa mango, poonekera pazenera langa lomweli. Ndinawaonerera ngati kanema wopanda mawu. Achimwene akuyankhula, chala m'mwamba. Achemwali akupukusa mutu. Achimwene akudzimenya pabondo. Achemwali akuyang'ana pansi. Mlandu wa mbuzi yolowa m'munda umakambidwa chonchi, komatu mwini mbuzi amakhalapo.

Atalowa, achimwene anakhala pampando, chipewa pabondo. "Alongo, takambirana. Madokotala akuti ndi zilonda za kummero basi. Muzimwa mankhwala, muchira. Musamaganize zambiri, maganizo ndi amene amapha."

Ndinafunsa dzina la zilondazo. Anati mayina ndi a madokotala.

Kenaka anaona buku pa kabati, n'kulisisita pachikuto. Achemwali anali atawafotokozera za Chrispin. "Bukuli ndi labwino kwambiri," anatero munthu amene sanalitsegule. "Koma musathamange nalo. Panopa mupume kaye. Mukachira mudzalikonza mofatsa, chaka chamawa lidzatuluka lokongola."

Ndinayang'ana achemwali. Anali kutola ulusi pa chitenje chawo.

Ndikanayankha, anamwino akanaitana alonda. Achimwene ndi munthu wabwino, apalasa njinga mtunda wonsewo chifukwa amandikonda, ndipo ndimafuna kuwagenda ndi kapu.

Lolemba, 17 Juni

Chiponde theka la paketi. Mofini pa nthawi yake. Sikelo sindinakwere, ndakana.

M'mawa achemwali akundipesa tsitsi, ndinatenga foni. Ndinati, "Ndikuimbira Chrispin. Ndimuuze kuti achotse dzina langa chaka chino, malo anga apatse wina. Ndidzapereka chaka chamawa, monga anenera achimwene."

Chipeso chinaima.

"Si mwamva nokha? Ndi zilonda basi. Nthawi ilipo yambiri. Inunso munati mmene lililimu ndi la mandasi."

"Ndinkangonena."

"Ndiye ndiimbe?"

Ndinasaka dzina la Chrispin pang'onopang'ono, iwo akuona. Ndinadina, ndinaika pakhutu. Inayamba kuitana. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti akayankha ndinena zomwezo, zikhale mmene zikhalire, bodza lawolo lidye buku langa iwo akuonerera.

Chrispin atangoti "Halo, Madamu," achemwali anandilanda foni ngati akulanda mpeni kwa mwana, n'kuidula.

"Usamuuze zimenezo."

"Chifukwa?"

"Fletcher anati tisakuuze. Anati ukamva utaya mtima, usiya kudya."

"Nanga panopa ndikudya chiyani?"

Anakhala pabedi, chinthu choletsedwa m'wodi muno. Anagwira foni yanga ndi manja awiri. "Ndi khansa, Fanny. Ya kummero. Akuti yafika kale ndi kuchiwindi. Sangaichotse. Chaka chamawa n'kutali. Lipereke Lachisanu."

Ndinati zikomo. Ndinanenadi zikomo, ngati andipatsira mchere. Kenaka tinalira, iwo mokweza kuposa ine, mpaka mtsikana wa malungo uja anatembenukira kukhoma. A Maria anabwera, anaona, anakoka katani n'kuchoka, za kukhala pabedi osanenapo kanthu.

Nditapeza mpweya ndinati, "Masiku onsewa mwandidyera ndi ulemu wanuwo."

Anapukuta maso ndi chitenje. "Unkaganiza kuti ine zimandikomera? Kuyamikira zinthu zotere?"

Lachiwiri, 18 Juni

A Anwar abwera. Ndinawauza kuti ndikudziwa, ayankhule ndi ine, gadiyani angomvera nawo. Anapepesa, anakoka mpando, anafotokoza zonse bwinobwino mpaka kujambula mmero papepala. Sabata yamawa anditumiza ku Lilongwe kukaika kapaipi kotsegula njira kuti ndizimeza phala ndi zofewa. Sikachiza, kamangothandiza kudya. Mofini apitiriza, ndipo ndikatuluka kuli anamwino oyendera odwala m'makomo. Ndinafunsa za nthawi. Anati miyezi, sangathe kunena ingati. Ndinafunsa ngati ingafike Sepitembala, pamene Chrispin akuti mabuku amafika m'masukulu. Anati n'zotheka. Yankho lochepa, koma ndi yankho.

Achimwene awaimbira achemwali, akalipa kuti aphwanya zimene anagwirizana. Ndinamva achemwali akuti, "Bwera udzamunamize wekha, ine ndatopa." Achimwenewo akuti abwera Loweruka. Ndidzawalandira bwino, ndipo mpunga wawo tidzaphika phala.

Chrispin ndamuimbira, ndamuuza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinamukumbutsa kuti mayunitsi ndi anga. Abwera Lachisanu m'mawa kudzatenga. Kulemba lonse mwatsopano sikuthekanso, wojambula weniweni sapezekanso. Lipita ndi zilema zake.

Masana achemwali anatenga bukulo n'kuyamba pa tsamba loyamba, uku akufwenthera. Anadutsa masamba onse osayankhula, ine mtima uli m'mwamba kuti ulemu uja wayambiranso. Atafika kumapeto anatseka.

"Tsamba lomaliza ndi loipa," anatero. "Wangosiyira panjira ngati munthu wothawa mvula. Mwana atseka buku osadziwa kuti latha."

"Nthawi yokonza ilipo?"

"Ya tsamba limodzi ilipo. Dzuka, khala tsonga."

Andiikira pilo kumsana, thireyi pamiyendo. Panopa akusongola pensulo ndi mpeni wawo wa nsomba. Akuisongola moipa, nsonga ikungothyoka. Ndawauza.